Kodi Moses Itauma wakhwima zoti n'kumenyana ndi Usyk?

Funso: "Ndinaonera momwe Moses Itauma anagwetsera Dillian Whyte pasanathe mphindi ziwiri. Anzanga amene ndimaonera nawo nkhonya akuti mnyamatayu amupatse Oleksandr Usyk pompano, Usyk asanapume, chifukwa palibenso wina amene angamugonjetse. Ine ndikuona ngati akupupuluma. Inu mukuti bwanji, wakonzeka?"

Achimwene, sanakonzeke. Koma musathamangire kukawauza anzanuwo kuti mwawapambana mtsutso, chifukwa iwonso ali ndi mfundo, ndipo mfundo yawoyo ndi imene imandisowetsa mtendere ndikamaganiza za mnyamatayu. Anzanu akufunsa ngati Itauma angathe kumugwetsa Usyk, katswiri wamkulu wa nkhonya wa ku Ukraine. Inu mukufunsa ngati wakhwima. Mafunso awiriwa amamveka ofanana, koma ndi osiyana. Mu heavyweight, gulu la omenya nkhonya olemera kwambiri, munthu aliyense wolemera makilogalamu 110 amene ali ndi dzanja lothamanga angathe kugwetsa mnzake usiku uliwonse. Kukhwima ndi kudziwa chochita pamene chibakera chimene umadalira chakana kugwira ntchito, mpweya wayamba kuperewera, mwendo walemera, koma patsalabe maraundi 5.

Ndiyambe ndi kumupatsa ulemu wake, poti ambiri amene amati sanakonzeke amayankhula ngati mnyamatayu ndi wongokometsedwa ndi manyuzipepala. Si choncho. Itauma anabadwa pa 28 Disembala 2004 ku Slovakia, bambo ake ndi a ku Nigeria, mayi ake a ku Slovakia, ndipo anakulira ku Chatham m'dziko la England. Asanayambe kumenya nkhonya zandalama sanagonjepo, ndipo mu 2022 anatenga mendulo yagolide ya achinyamata ku Europe komanso ya dziko lonse. Analowa nkhonya zandalama mu Januwale 2023 ali ndi zaka 18. Pofika usiku wa pa 16 Ogasiti 2025 ku Riyadh, pamene anamaliza Whyte, anali atapambana nkhonya 13 mwa 13, ndipo 11 mwa zimenezo anazithetsa nthawi isanakwane. Ndi wamanzere, amamuphunzitsa ndi Ben Davison, ndipo amamukonzera nkhonya ndi Frank Warren.

Chimene chimandikopa ine si mphamvu zake ayi. Anyamata amphamvu mu heavyweight alipo ambiri. Yang'anani mapazi ake. Amalowa, kumenya, n'kutuluka chammbali mnzake asanabweze. Jabu yake yakumanja, chibakera cholunjika cha dzanja lakutsogolo, saiponya mofanana kawiri: ina amangokhudza nayo gulovu ya mnzake, ina amaitsitsa pamimba, ina amainamizira osaiponya, kuti aone mnzakeyo athawira kuti. Akamupweteka munthu sachita misala. Pa Whyte paja, ataona kuti miyendo ya mkuluyo yagwedezeka, sanatseke maso n'kumangoponya. Anasankha zibakera mpaka yakumanja yokhota ija inamugwetsa. Anthu aakulu thupi amaphunzira kudekha koteroko atapitirira zaka 27. Iye anali nako kale ali ndi zaka 20. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikuonera ndi kuphunzitsa nkhonya, sindinaone anyamata ambiri a msinkhu umenewu oyenda chonchi.

Tsono tiwerenge maraundi. Mu nkhonya zake 13 zoyambazo, ziwiri zokha ndi zimene zinafika kumapeto, zonse za maraundi 6, zonse mu 2023 pamene ankangoyamba kumene. Zina 11 zinathera mu raundi yoyamba kapena yachiwiri. Mukaphatikiza maraundi onse a nkhonya 13 zimenezi, safika 30, ndipo ambiri mwa iwo sanathe n'komwe mphindi zitatu. Raundi ya 7 anali asanaionepo. Pofika nthawi yomweyo Usyk anali atamenya nkhonya zofika maraundi 12 kokwana ka 9: ndi Głowacki, Hunter, Briedis, Gassiev, Chisora, Anthony Joshua kawiri, ndi Tyson Fury kawiri. Amenewo ndi maraundi 108, osawerengera nkhonya zimene anazithetsa msanga, osawerengeranso nkhonya zoposa 300 zimene anamenya asanalowe zandalama, kuphatikizapo mendulo yagolide ya ku Olympics ya ku London mu 2012.

Nanga amene Itauma anawagwetsawo ndi ndani? Pano tiyankhule mosabisa. Mariusz Wach analidi munthu wa chibwano cholimba, anatha maraundi 12 ndi Wladimir Klitschko mu 2012, koma pokumana ndi Itauma mu Julayi 2024 anali ndi zaka 44. Demsey McKean wa ku Australia anali atakhala chaka choposa osamenya kuchokera pamene Filip Hrgović anamumaliza mu raundi ya 12. Mike Balogun anayamba nkhonya mochedwa atasiya mpira wa ku America. Ndiye Whyte mwini wakeyo: dzina ndi lalikulu, koma anali ndi zaka 37, ndipo chibwano chake chinali chitathyoledwa kale katatu, ndi Joshua mu 2015, Povetkin mu 2020, ndi Fury mu 2022. Whyte wa mu Disembala 2015, amene anamudzandiritsa Joshua mu raundi yachiwiri n'kumukoka mpaka ya 7, akanatiuza zambiri za Itauma. Whyte wa mu 2025 watiuza chinthu chimodzi chokha, chimene tinkachidziwa kale, chakuti mnyamatayu akakugwira bwino msanga sudzuka bwinobwino. Si mlandu wake kuti anthu akugwa msanga. Koma kugwetsa anthu msanga kumabisa mafunso, ndipo mafunsowo amadzabwera tsiku limodzi onse.

Mafunso ake ndi awa, ndipo palibe amene ali ndi yankho lake, ngakhale Davison yemwe. Chibwano chake chimatani chikalandira chibakera chimene sanachione? Akang'ambika pamwamba pa diso magazi n'kumalowa m'diso, amakumbukirabe zimene anakonza? Mnzake akamugwira, kumutsamira ndi thupi lonse, kumukankhira kuzingwe kwa maraundi 8, miyendo yothamanga ija imatsala ndi chiyani? Akabwerera pakona atagonja maraundi atatu otsatizana, amamva zimene mphunzitsi akunena kapena m'makutu mumangolira? Amene amamukonda amati ku jimu wakhala akuyeserera ndi akuluakulu kuyambira ali mwana wasukulu, ndipo n'zoona kuti mbiri imeneyo inamutchukitsa asanalowe n'komwe zandalama. Koma kuyeserera kuli ndi chipewa choteteza mutu, magulovu okulirapo, ndi mphunzitsi amene amaimitsa zinthu zikafika poipa. Usiku wa lamba magulovu ndi ang'onoang'ono, chipewa palibe, ndipo mtima umagunda mwamtundu wina pamaso pa anthu masauzande ambiri. Kugunda kwa mtima kumeneko kumadya mpweya woposa umene zibakera zimadya.

Ndili ndi chifukwa changa chonenera izi mwamphamvu. Zaka zapitazo ndinali ndi mnyamata amene ankagwetsa aliyense mu maraundi awiri. Pulomota wina anabwera ndi ndalama zooneka, akufuna kuti amenye nkhonya ya maraundi 8 ndi mkhalakale wina amene anali atagonjapo kangapo. Ndinayang'ana mbiri ya mkhalakaleyo papepala n'kuvomera. Maraundi atatu oyamba mnyamata wanga anamenya mokongola, anthu akukuwa. Mu raundi ya 5 anabwera pakona pakamwa pali yasa, n'kundiuza kuti manja sakuwamva. Mkhalakale uja sanali ndi mphamvu zoposa zake. Ankangodziwa nthawi yopumira mkati mwa raundi, nthawi yogwira, ndi nthawi yomenya nthiti. Ndinaponya thaulo mu raundi ya 7, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu kuti ndinachedwa ndi raundi imodzi. Mnyamatayo anachira thupi koma sanabwererenso mmene analili. Ankati akangomenyedwa kamodzi, maso amathamangira kukona. Cholakwa chinali changa, osati chake.

Ndiye ganizirani kuti mkhalakaleyo ndi Usyk. Anthu ambiri amamuona ngati munthu wothawathawa, koma ntchito yake yeniyeni ndi yotopetsa mutu wa mnzake. Dzanja lake lakutsogolo silikhala chete, limangogogoda, kunamiza, kukhudza. Phazi lake limasuntha pang'ono chabe, koma mokwanira kuti iwe uyambirenso kuima bwino usanaponye. Ukamayambiranso kakhumi pa raundi iliyonse, pofika raundi ya 7 watopa ngakhale sunamenyedwe kwambiri. Apo m'pamene iye amawonjezera liwiro. Onani momwe nkhonya zake zimathera. Tony Bellew ku Manchester mu Novembala 2018 ankatsogola pa makadi a majaji awiri, koma anagwa mu raundi ya 8 atatheratu. Joshua ku Tottenham mu Sepitembala 2021 anamaliza raundi ya 12 atatsamira zingwe. Pobwereza ku Jeddah mu Ogasiti 2022, Joshua anamuvutitsa kwambiri Usyk mu raundi ya 9 ndi zibakera zapamimba, aliyense n'kumati watha. Mu raundi ya 10 Usyk anatuluka ngati nkhonya ikuyamba kumene n'kumubwezera zonse. Fury mu Meyi 2024 anatenga maraundi apakati mpaka kumasewera, kenaka mu raundi ya 9 anadzandira kuchoka chingwe china kupita china mpaka woyimbira kumuwerengera. Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo mu heavyweight ya masiku ano dambo limenelo ndi Usyk: moto wa anyamata amphamvu umakazimira mwa iye.

Palinso china chimene sichilembedwa pa mbiri. Malamba ake ambiri anakawatengera kwawo kwa eni ake. Głowacki anamugonjetsera ku Poland, Marco Huck ku Berlin, Briedis ku Riga, Gassiev ku Moscow, Joshua ku London. Daniel Dubois anamumalizira ku Wembley pa 19 Julayi 2025 mu raundi ya 5, pamaso pa anthu a kwawo kwa Dubois. Munthu wotere simungamuopseze ndi phokoso kapena ndi mbiri yakuti mumagwetsa anthu mu raundi yoyamba. Wakumana ndi anthu olemera kuposa Itauma, aatali kuposa Itauma, ndipo onse anawapezera njira.

Tibwere kwa anzanu aja, chifukwa ndinalonjeza kuti sindiwanyoza. Ali ndi mfundo zinayi zimene ndimazilemekeza. Usyk anabadwa mu Januwale 1987, pomaliza Dubois anali ndi zaka 38, ndipo womenya amene amadalira miyendo amakalamba mwadzidzidzi. Tsiku lina amangodzuka phazi likuchedwa pang'ono, ndipo pang'ono pomwepo m'pamene chibakera chimadutsa. Chachiwiri, Usyk amayamba mofatsa, amatenga maraundi awiri kapena atatu akuwerenga mnzake. Chisora anamuthamangitsa m'maraundi oyamba mu 2020, Bellew anamutsogolera. Itauma ndi woopsa kwambiri pa nthawi yomweyo imene Usyk amakhala akuphunzira. Chachitatu, chilowereni mu heavyweight Usyk sanakumanepo ndi wamanzere weniweni. Amanzere anakumana nawo ali ku cruiserweight, gulu la ocheperako thupi, mu 2016, Głowacki ndi Thabiso Mchunu wa ku South Africa, ndipo Mchunu anamusokoneza ndithu m'maraundi oyamba asanamalizidwe mu raundi ya 9. Nzeru zambiri za Usyk zimachokera pa kuika phazi lake lakumanja kunja kwa phazi lakumanzere la munthu wamanja. Akakumana ndi wamanzere mnzake mpata umenewo umatsekeka, nkhani imasanduka ya yemwe ali ndi jabu yofulumira. Chachinayi, Joshua, Dubois ndi Fury onse ankachedwa manja kapena mapazi poyerekeza ndi Usyk. Itauma mwina ndi woyamba amene sangachedwe.

Mbiri nayonso ili ndi chitsanzo chowakomera. Pa 22 Januwale 1973 ku Kingston, Jamaica, George Foreman wa zaka 24 anakumana ndi Joe Frazier amene anali asanagonjepo, yemwe anali atagonjetsa Muhammad Ali. Anthu ankati Foreman wangomenya anthu osadziwika. Anamugwetsa Frazier ka 6, nkhonya n'kuthera mu raundi yachiwiri. Ndiye zimatheka.

Koma onani bwino chifukwa chake zinatheka. Frazier ankamenya polowa chamutu, kuyenda molunjika kupita kumene kuli zibakera, ndipo kwa munthu wamphamvu ngati Foreman zinali ngati nyama yobwera yokha pa msampha. Usyk salowa choncho. Komanso Foreman anali atamenya kale nkhonya 37, ndipo anali atathapo maraundi 10. Ndipo nkhani yake inapitirira. Atamaliza Frazier mu maraundi awiri, José Roman mu imodzi, Ken Norton mu awiri, anapita ku Kinshasa pa 30 Okutobala 1974 akukhulupirira kuti palibe munthu amene angapirire zibakera zake. Ali anapirira, anamulola kuti atope, n'kumugwetsa mu raundi ya 8. Foreman wa ku Kingston ndi amene anzanu akumuona mwa Itauma. Ine ndikuopa Foreman wa ku Kinshasa, chifukwa Usyk amafanana kwambiri ndi Ali wa usiku umenewo kusiyana ndi Frazier.

Anthu amakondanso kumufanizira ndi Mike Tyson, ndipo Itauma mwini anayamba ntchitoyi akunena kuti akufuna kuphwanya mbiri ya Tyson yotenga lamba ali ndi zaka 20 ndi miyezi 4. Nthawi imeneyo inamudutsa mu Meyi 2025, ndipo ine ndinapuma, chifukwa kuthamangitsana ndi kalendala kwawonongetsa anyamata ambiri. Tyson amene anagwetsa Trevor Berbick pa 22 Novembala 1986 anali atamenya nkhonya 27 m'zaka zosakwana ziwiri. Mu Meyi chaka chomwecho anatha maraundi 10 ndi James Tillis, patangopita masabata ochepa anathanso maraundi 10 ndi Mitch Green. Tillis anamuvutitsa, anamugwira, anamuzungulira, ndipo omuphunzitsa anaona ndi maso awo kuti mwana wawo amatani zinthu zikapanda kuyenda. Komanso Berbick anali katswiri wabwino chabe, atagonjapo kangapo. Sanali Usyk.

Mwina wina anganene kuti Itauma akagonja palibe kanthu, akadali mnyamata, adzaphunzirapo. Apa mpofunika kusamala, chifukwa kugonja kulipo kwamitundu iwiri. Canelo Álvarez anakumana ndi Floyd Mayweather wosagonjapo mu Sepitembala 2013 ali ndi zaka 23. Anaphunzitsidwa nkhonya kwa maraundi 12, koma sanavulale, chifukwa Mayweather pa msinkhu umenewo ankamenya kuti apeze mapointi. Canelo anatuluka ndi nzeru, n'kudzakhala katswiri wamkulu. Azumah Nelson wa ku Ghana, ali ndi nkhonya 13 zokha ngati Itauma pomaliza Whyte, anaitanidwa mochedwa kukamenyana ndi Salvador Sánchez ku Madison Square Garden mu Julayi 1982. Analimba mpaka raundi ya 15 m'pamene anaimitsidwa, ndipo mu Disembala 1984 anakatenga lamba kwa Wilfredo Gómez ku Puerto Rico. Amenewo ndi amene kugonja kunawamanga.

Koma kuli Fernando Vargas. Mu Disembala 2000, ali ndi zaka 22 ndipo asanagonjepo, anamupatsa Félix Trinidad amene anali asanagonjeponso. Vargas anagwa kawiri mu raundi yoyamba, analimba mtima n'kumugwetsa Trinidad mu raundi ya 4, kenaka anagwa katatu mu raundi ya 12. Mtima wake ndi umene unamupweteketsa, chifukwa unamusunga m'bwalo akulandira zibakera kwa maraundi onsewo. Anadzamenyabe nkhonya zazikulu, koma ambiri amene ankamudziwa amavomereza kuti Vargas wakale anatsala usiku umenewo. Miyezi ingapo izi zisanachitike, Trinidad yemweyo anachita zofanana kwa David Reid, mwini mendulo yagolide ya mu 1996, amene anali ndi nkhonya 14 zokha. Anamugwetsa kanayi, ndipo ntchito ya Reid sinatalike pambuyo pake.

Mu heavyweight kugonja kumakonda kukhala kwa mtundu wachiwiriwu, chifukwa chibakera chilichonse chimanyamula makilogalamu oposa 100. Zitsanzo zili pafupi. Daniel Dubois, wa kampani yomweyi ya Frank Warren, anali ndi nkhonya 15 zopambana zokhazokha ali ndi zaka 23 pamene anakumana ndi Joe Joyce mu Novembala 2020. Jabu ya Joyce inamuthyola fupa lozungulira diso, ndipo anagwada mu raundi ya 10. Zinamutengera zaka kuti anthu asiye kumunena kuti alibe mtima. Jared Anderson, amene a ku America ankati ndiye tsogolo lawo, anamuthamangitsira kwa Martin Bakole wa ku Congo mu Ogasiti 2024 ali ndi nkhonya 17 zosagonja, ndipo anamalizidwa mu raundi ya 5. Usyk samenya mwamphamvu ngati Bakole, koma mamenyedwe ake ndi oopsa mwanjira ina: sakugwetsa kamodzi kuti upite ukapume, amakusunga uli chiimire ukulandira mpaka utafooka.

Ife a kuno tili ndi munthu wathu amene anaima pamaso pa akatswiri osagonjapo, Isaac Chilemba wobadwira ku Blantyre. Mu Julayi 2016 anapita ku Ekaterinburg kwawo kwa Sergey Kovalev, pa nthawi imene Kovalev ankagwetsa pafupifupi aliyense. Chilemba anagwa mu raundi ya 7, anadzuka, n'kumaliza maraundi 12. Mu 2018 anamalizanso maraundi 12 ndi Dmitry Bivol. Sanapambane, koma chimene chinamudzutsa pansi mu raundi ya 7 ija sichinali mwayi. Anali atamenya kale nkhonya zambiri zazitali, kuphatikizapo maraundi 24 ndi Bellew yemwe uja mu 2013, yoyamba n'kufanana mphamvu ku Liverpool. Ankadziwa kuti munthu akagwa amapuma bwanji, amagwira bwanji, amadutsa bwanji mphindi yotsalayo. Itauma ali ndi mphatso zoposa za Chilemba kutalitali, koma chidziwitso chimenecho alibe, ndipo sichigulidwa kapena kuphunzitsidwa pa thumba lomenya.

Tsono n'chifukwa chiyani phokoso lakula chonchi? Ndalama ndi nthawi. Turki Alalshikh, amene akulipira nkhonya zazikulu za ku Saudi Arabia, ananena poyera Usyk atangomaliza Dubois kuti akufuna kuona Usyk ndi Itauma. Usyk wagonjetsa kale Joshua, Fury ndi Dubois kawiri aliyense, ndiye ogulitsa nkhonya akusowa nkhope yatsopano. Ndipo Usyk mwini wakhala akunena kuti watsala pang'ono kupuma. Apa m'pamene mfundo ya anzanu imaluma: Itauma akadikira zaka ziwiri, mwina Usyk adzakhala atapita, ndipo mwayi wogonjetsa munthu wamkulu wa m'badwo uno sudzabweranso. Ndikuvomereza kuti kumeneko ndi kutaya kwenikweni. Koma taikani pa sikelo. Mbali ina kuli usiku umodzi umene mwina angapambane. Mbali inayo kuli zaka 12 kapena 15 zimene mnyamatayu angalamulire heavyweight ngati atasungidwa bwino. Amene akufuna nkhonyayi lero sadzakhala naye m'chipinda chovalira ikatha. Pulomota akataya mnyamata mmodzi amapeza wina chaka chamawa. Mnyamatayo ali ndi mutu umodzi wokha.

Akanakhala wanga, atangomaliza Whyte ndikanamufunira nkhonya zitatu kapena zinayi, ndipo sindikanayang'ana kukula kwa dzina koma mtundu wa vuto limene munthuyo amabweretsa. Choyamba ndikanafuna munthu wosagwa msanga, wodziwa kudziteteza, woti amukoke mpaka raundi ya 10. Jermaine Franklin ndi wa mtundu umenewo, anatha maraundi 12 ndi Whyte komanso ndi Joshua. Otto Wallin, amene anamung'amba Fury pa diso mu 2019 ndipo ndi wamanzere, angamupatse kalasi ya momwe amanzere awiri amamenyanirana. Kenaka ndikanafuna munthu womenya zopweteka amene sabwerera m'mbuyo, ngati Hrgović kapena Bakole ali bwinobwino, kuti tione chibwano. Pomaliza munthu wa pamwamba penipeni amene akadali pa mphamvu zake, monga Agit Kabayel. Kabayel ndiye amene ndimamuopa kwambiri m'malo mwake, chifukwa amamenya nthiti ndi mimba mosalekeza. Umo ndi momwe anathetsera Arslanbek Makhmudov, Frank Sánchez ndi Zhilei Zhang. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo Itauma pomaliza Whyte anali atasambira dziwe limodzi lokha, la anthu amene amagwa asanamufunse kanthu. Akadutsa anthu amenewa, ngakhale movutikira, makamaka movutikira, ndidzakhala woyamba kunena kuti amupatse aliyense.

Ndipo ngati mawa atalengeza kuti nkhonyayi ichitika, ndiionera mtima uli m'mwamba kwa maraundi anayi oyamba, chifukwa m'menemo Itauma angathedi kuchita zodabwitsa dziko. Ikangofika raundi ya 6 Usyk ali chiimire, ndikuona nkhani ikutembenuka: jabu ya mnyamatayo iyamba kutsika pobwerera, mapazi ayamba kuima malo amodzi, ndipo yakumanzere ya Usyk iyamba kulowa. Ndikanati ndisankhe lero, ndikanasankha Usyk, pa mapointi kapena poimitsa nkhonya cha m'maraundi a kumapeto.

Mukadzakhala ndi anzanuwo pa nkhonya yotsatira ya Itauma, musadzawerenge kuti wagwetsa munthu mu mphindi zingati. Mudzayang'ane pakona pakati pa maraundi, ngati pakamwa pali potseka kapena akupumira m'kamwa. Mudzayang'ane chimene adzachite mu masekondi 10 oyamba akadzalandira chibakera chenicheni, ngati adzagwira n'kuganiza kapena adzapsa mtima n'kuyamba kusinthana. Ndipo nkhonyayo ikadzafika raundi ya 8, mudzaone ngati akadali kutuluka chammbali akamaliza kumenya, monga amachitira mu raundi yoyamba, kapena wayamba kubwerera m'mbuyo molunjika manja ali pansi.